MUTU 9: KUBWEZERETSA MITENGO YACILENGEDWE PABWALO LA SUKULU MONGA NJIRA YOPHUNZITSIRA SAYANSI NDI CINYANJA

9.1 Mau oyamba

Masukulu athu ambiri a kumidzi ali ndi bwalo loseseredwa bwino tsiku ndi tsiku, lopanda udzu ngakhale kamtengo, ndipo pamene pali mthunzi kawirikawiri pamakhala bulugamu wocokera ku Australia kapena malaina wocokera ku Asia. M'kalasimo ana amajambula m'makope mwao cithunzi ca muzu, tsinde ndi tsamba cimene mphunzitsi wakopera m'buku, pamene kuseri kwa cimbudzi kuli citsa ca msangu cimene cikuphukira popanda wocilabadira. Mutu uno ukuonetsani m'mene mungasandutsire kacigawo ka bwalo lotere kukhala malo ophunzirirapo sayansi ndi manja, ndiponso m'mene nchito yomweyo ingalemeretsere phunziro lanu la Cinyanja. Tatenga dera la Chikwa, m'boma la Chama, kukhala citsanzo, pakuti kumeneko mafunso a cinenero ndi a cilengedwe amakumana poyera.

9.2 Zolinga

Mukatha kuwerenga mutu uno muyenera kukhoza:

(a) kufotokoza cifukwa cake mitengo ya komweko ili yoyenera kuphunzitsira;

(b) kutsogolera ana posonkhanitsa maina a mitengo ndi kuwagwiritsa nchito pophunzitsa magulu a maina;

(c) kukonza kuyesa kolungama kwa kameredwe ka njere;

(d) kuphunzitsa ana kusiyanitsa cimene amva, cimene aganiza ndi cimene aona, polankhula ndi polemba.

9.3 Malo ndi ana ake

Chikwa ndi dziko la Mfumu Chikwa, imodzi mwa mafumu a Asenga, pamodzi ndi ena monga a Kambombo, a Tembwe ndi a Chifunda. Lili m'cigwa ca Luangwa, mkati mwa dera losungirako nyama la Musalangu, m'mene anthu amaloledwa kukhala ndi kulima moyandikana ndi nyama za kuthengo. Kumatentha kwambiri mu Okutobala, ndipo mvula ikakhazikika misewu yambiri imavuta kuyendamo. Boma la Chama linali m'cigawo ca Kum'mawa kufikira 2011, pamene linaikidwa m'cigawo catsopano ca Muchinga, ndipo linabwezedwa Kum'mawa mu 2021.

Mwana wa ku Chikwa amabwera kusukulu akulankhula Cisenga, cinenero capafupi kwambiri ndi Citumbuka. Cinyanja, comwe ndi cimodzi mwa zinenero 7 za m'Zambia zimene boma linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'masukulu, amacimva pang'ono cabe, ndipo Cingerezi ndico cakutali koposa. Malamulo a cinenero cophunzitsiramo akhala akusintha: mu 1966 Cingerezi cinakhazikitsidwa kuyambira Giredi 1, ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inatsegula njira yakuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca kuno kwathu, ndondomeko ya maphunziro ya 2013 inaika zinenero za m'Zambia kukhala zophunzitsiramo kuyambira Giredi 1 mpaka 4. Koma lamulo lililonse likabwera limapeza mwana wa ku Chikwa ali ndi vuto lomwelo, lakuti mau a m'buku si mau a kunyumba. Mwana wotere akangokhala cete m'phunziro la sayansi, musafulumire kunena kuti ndi wogona. Kawirikawiri cinthuco amacidziwa bwino; cimene cikumusowa ndi liu locichulira pamaso panu.

Apa ndi pamene mtengo umathandiza. Mtengo uli pamaso pa onse. Mwana angaukhudze, angaununkhize, angauchule m'Cisenga, ndipo inu mungampatse liu la Cinyanja dzanja lake lidakali pa khungwa.

9.4 Cifukwa ninji mitengo ya komweko?

Sitikunyoza mitengo yocokera kunja. Mango amadyetsa ana, ndipo gliricidia wa ku Central America, amene bungwe la COMACO lakhala likulimbikitsa pakati pa alimi a m'cigwa ca Luangwa, amathandiza kubwezera conde m'minda. Koma pophunzitsa, mtengo wa komweko uli ndi mwai utatu. Coyamba, unazolowera nthaka, kutentha ndi ciswe ca kumeneko. Caciwiri, njere zake ndi zaulere. Cacitatu, uli ndi dzina, nchito ndi mbiri m'kamwa mwa makolo, kotero kuti mwana amabwera m'kalasi atanyamula kale theka la phunziro.

Taonani mitengo inai ya m'cigwa ndi funso la sayansi limene uliwonse umadzutsa.

Msangu umacita zosiyana ndi mitengo inzake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kukhala wobiriwira m'cilimwe. Motero cimanga ca pansi pake sicisowa dzuwa, ndipo masamba oyoyokawo amaola n'kusanduka manyowa. Ku mizu yake kumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitrojeni mumpweya ndi kuupatsa mtengowo.

Tsanya, amene ena amati mupani, ali ndi tsamba la mbali ziwiri looneka ngati mapiko a gulugufe. Dzuwa likakula mbali ziwirizo zimapindana, ndipo potero mtengo sutaya madzi ambiri. Ndico cifukwa cake mthunzi wa tsanya umakhala wopyapyala masana. Amamera pa dothi lamakande limene mitengo yambiri imalephera.

Mlambe umasunga madzi m'thunthu lake. Maluwa ake oyera amatseguka madzulo, ndipo mileme ndiyo imanyamula mungu kucokera pa duwa lina kupita pa lina.

Mvunguti nawonso umadalira mileme, ndipo zipatso zake zazitali, zolemera, zimalendewera pa zingwe. Cifukwa ca kulemerako, musaubzale pafupi ndi kalasi kapena posewerera ana; ndipo muwacenjeze kuti cipatso cake caciwisi sicidyedwa.

9.5 Gawo loyamba: kusonkhanitsa maina

Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, pitani ndi mphunzitsi wamkulu kukaonana ndi a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, komanso a nyakwawa a mudzi umene sukulu ilimo. Fotokozani colinga canu ndi kupempha cilolezo cotola njere. Funsani malo oletsedwa. Ku msitu wa kumanda, mwacitsanzo, sikutoledwa kanthu. Kenaka pemphani wacikulire mmodzi kapena awiri odziwa mitengo kuti adzayende ndi kalasi mozungulira sukulu.

Konzekeretsani ana kafunsidwe kaulemu. Mwana sanena kuti, "Uwu n'ciyani?" koma agwade kapena awerame pang'ono, nati, "Ambuya, kodi mtengo uwu mumauchula ciyani? Nanga umagwira nchito yanji?" Lolani kuti kukambiranako kucitike m'Cisenga. Nchito yomasulira idzacitika m'kalasi, ndipo ndiyo phunziro lenileni la cinenero.

Pobwerera, jambulani pa bolodi mizere inai: dzina la kwao, dzina la Cinyanja, maonekedwe, nchito. Pamene simudziwa dzina la Cinyanja, siyani malowo osalemba kufikira mutafunsa, musapeke dzina. Samalaninso ndi mau ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo. M'Citumbuka mtengo ndi *khuni*, yambiri *makuni*, pamene m'Cinyanja *nkhuni* ndi mitengo youma yosonkhera moto. Mwana wozolowera liu loyambalo akanena kuti akufuna kubzala khuni, musamuseke. Lembani mau awiriwo moyandikana, ana aone okha ubale wake ndi kusiyana kwake.

Mndandanda umenewu ndi cuma cophunzitsira magulu a maina. Lembani maina awa, ndipo ana apeze okha lamulo lake:

mlambe, milambe : dambe, malambe

msuku, misuku : suku, masuku

mtowo, mitowo : towo, matowo

mkuyu, mikuyu : nkhuyu, nkhuyu

Adzaona kuti dzina la mtengo limagwa m'gulu la Mu-Mi, pamene cipatso cake cimasamukira m'gulu la Li-Ma, tsinde la liu likukhala lomwelo. Adzaonanso kuti *nkhuyu* yalowa m'gulu la I-Zi, ndi kuti *l* wa mu *malambe* wasanduka *d* mu *dambe*, monga zimacitikira mu *duwa* ndi *maluwa*. Kenaka afunseni za *tsanya* ndi *bwemba*, maina amene satsata lamuloli. Kuika zinthu m'magulu, kupeza lamulo, ndi kufufuza zimene zikuliphwanya, ndi luso limodzi lomwelo, kaya mwana akusanja masamba kaya akusanja maina.

9.6 Gawo laciwiri: kuchinga malo ndi kulera zitsa

Anthu ambiri akamva za kubwezeretsa mitengo amaganiza za kubzala kokha. Komatu pansi pa bwalo loseseredwalo pamakhala mizu ndi zitsa zamoyo zimene zimaphukira caka ndi caka, n'kudulidwa ndi khasu kapena kudyedwa ndi mbuzi. M'dziko la Niger, kuyambira mu 1983, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, anagwira nchito ndi alimi a ku Maradi yolera zitsa zotere m'malo mobzala mbande, ndipo njirayo inafalikira m'madera aakulu a dzikolo. Njira yake ndi yosavuta: pa citsa ciliconse sankhani mphukira zamphamvu zocepa, dulani zotsalazo, ndipo tetezani zosankhidwazo.

Pimani ndi ana malo awiri ofanana, aliwonse mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Amodzi muwachinge ndi mpanda wa minga kapena wa bango, ndipo asaseseredwe, asalimidwe, asaochedwe. Enawo akhale monga mwa masiku onse. Ana awerenge zitsa ndi timitengo ta m'malo onse awiri, akhome cikhomo cokhala ndi nambala pa ciliconse, ndipo ajambule mapu. Gulu lililonse la ana anai kapena asanu lipatsidwe mitengo yake yoyang'anira, ndipo lizipima msinkhu wake kamodzi pa mwezi.

Miyezi ikapita, malo awiriwa adzayamba kusiyana, ndipo kusiyanako n'kumene mudzaphunzitsire. Masana ana aike cikhatho pa dothi la uku ndi la uko, anene lotentha koposa. Tengani zitini ziwiri zofanana, zocotsedwa zivundikiro mbali zonse ziwiri. Zikhomereni pang'ono m'dothi, cina mkati mwa mpanda, cina kunja. Thiranimo madzi ofanana muyeso, ndipo ana awerenge nthawi imene madziwo atenge kuti alowe pansi. Mvula ikagwa, akaone kumene madzi akuthamanga atanyamula dothi. Pamenepo liu lakuti kukokoloka kwa nthaka lidzakhala ndi cinthu coliimirira.

9.7 Gawo lacitatu: kuyesa kameredwe ka njere

Nyemba za msangu zimagwa m'cilimwe, nthawi imene temu yacitatu ikuyamba. Njere zake zili ndi khungu lolimba losalola madzi kulowa msanga. Musawauze ana zimenezi. Afunseni cabe kuti: "Pansi pa msangu pamagwa njere zambirimbiri, nanga bwanji timitengo take timakhala tocepa?" Lembani mayankho onse pa bolodi, ngakhale ooneka ngati osathandiza.

Sankhani njere 60 zopanda zibowo za anankafumbwe, muzigawe m'magulu atatu a njere 20. Gulu loyamba lifesedwe monga liliri. Laciwiri liviikidwe m'madzi ozizira usiku umodzi. Lacitatu likwecesedwe pa mwala kumbali, kutali ndi kadiso ka njere, kufikira mkati mutayamba kuoneka, kenaka liviikidwenso usiku umodzi. Dothi likhale limodzimodzi, kuya kwa kafesedwe kofanana, madzi othirira ofanana, ndi mthunzi womwewo. Funsani ana cifukwa cake zonsezi ziyenera kufanana. Mwana amene wayankha kuti, "Kuti tidziwe cimene casintha zinthu," wagwira mutu wa sayansi yonse ya ku pulaimale.

Tsiku lililonse kwa masabata atatu, gulu la ana liwerenge njere zimene zamera ndi kulemba pa chati. Kawirikawiri zokwecesa zimamera msanga ndiponso zambiri. Zikapanda kutero, musasinthe manambala kuti agwirizane ndi buku. Fufuzani ndi ana cimene cacitika, kaya ndi mbewa, kaya madzi anacuruka, kaya anakwecesa mopitirira. Mbande za msangu zimatsitsa muzu wautali msanga, motero siziyenera kukhalitsa m'timatumba; ziokereni pakangopita masabata ocepa, motalikirana mamita 10, m'mphepete mwa munda wa sukulu osati posewerera, pakuti msangu uli ndi minga.

9.8 Aneni atatu: ndamva, ndiganiza, ndaona

Gawo lino ndilo udindo wanu weniweni monga mphunzitsi wa cinenero. Mwana akanena kuti, "Njere za msangu zimamera bwino zikadyedwa ndi mbuzi," ciganizoco sicikutiuza kumene wacitenga. Kodi anauzidwa? Kodi akungoyerekeza? Kodi anaona ndi maso ake timitengo tikumera m'khola? Mphunzitseni kuyamba ciganizo cotere ndi mmodzi mwa aneni atatu:

*Ndamva kuti* njere zodyedwa ndi mbuzi zimamera msanga.

*Ndiganiza kuti* m'mimba mwa mbuzi khungu la njere limafewa.

*Ndaona kuti* njere zokwecesa zamera tsiku lacisanu, zosakwecesa zisanamere.

Aneni atatuwa onse ndi olemekezeka. *Ndamva* amasunga nzeru za makolo, ndipo mau a akulu akoma akagonera. *Ndiganiza* amatsegula njira ya kuyesa. *Ndaona* amabweretsa umboni. Colakwa ndi kuwasokoneza, kunena *ndaona* pa cinthu congomva. Mwana wophunzira kusiyanitsa zitatuzi m'Cinyanja sadzavutika akadzakumana nazo m'Cingerezi, pakuti maganizowo adzakhala ali nawo kale. Adzangofuna mau atsopano. Ndipo phindu lake silithera m'kalasi: munthu wodziwa kufunsa kuti, "Mwaona kapena mwamva?" sanamizidwa msanga pa msika kapena pa bwalo la milandu.

Pa aneniwa onjezerani alumikizi a cifukwa ndi zotsatira: *cifukwa, motero, ngakhale kuti, kuposa, tikadapanda... bwenzi*. Musakanize mvekero. Mwana akalemba kuti masamba ali *biriwiri* kapena kuti dothi lauma *gwa*, wafotokoza molondola. Mufunseni cabe kuti aonjezere muyeso, anene kuti tsambalo ndi lalitali masentimita angati.

9.9 Citsanzo ca phunziro

*Kalasi:* Giredi 5. *Nthawi:* mphindi 40. *Mutu:* Kulemba lipoti la zimene taona. *Zipangizo:* chati ca kameredwe, mbande za m'magulu atatu, makope.

*Ciyambi (mphindi 5):* Ana aime mozungulira nazale. Afunseni zimene anaganiza asanafese, ndipo ayankhe moyamba ndi *tinaganiza kuti*.

*Sitepe 1 (mphindi 10):* Gulu lililonse liwerenge mbande ndi kuyerekeza ndi chati. Akambirane m'cinenero ciliconse cimene ali omasuka naco.

*Sitepe 2 (mphindi 10):* M'kalasi, mwana mmodzi wa gulu lililonse anene zotsatira m'Cinyanja. Akati, "Aphunzitsi, zokwecesa ndizo zabwino," mufunseni, "Waona ciyani cimene cakuuza zimenezo?" kufikira atachula nambala ndi tsiku.

*Sitepe 3 (mphindi 10):* Aliyense alembe ziganizo zisanu pansi pa timitu iti: funso lathu, zimene tinaganiza, zimene tinacita, zimene tinaona, zimene taphunzira.

*Mathero (mphindi 5):* Awiri awerenge malipoti ao. Nchito ya kunyumba: kufotokozera kholo zotsatirazo m'Cisenga, ndi kudzanena mawa zimene khololo layankha, moyamba ndi *ndamva kuti*.

Pocongera, perekani malikisi pa zinthu zitatu: kulondola kwa manambala, kagwiritsidwe nchito ka aneni atatu aja, ndi kalembedwe ka mau. Liu la Cisenga likalowa m'lipoti pamalo pamene mwana sadziwa la Cinyanja, lembani la Cinyanja pamwamba pake, koma musamulande malikisi a sayansi.

9.10 Zovuta zimene muyenera kuziyembekezera

Mitengo yambiri ya pasukulu imafa nthawi ya chuti. M'Zambia tsiku lobzala mitengo ndi 15 Disembala, pamene masukulu amakhala atatseka kale. Motero konzani kuti muokere mvula ikangonyowetsa nthaka sukulu isanatseke, kapena gawirani mbande ana okhala pafupi kuti azisamale kufikira Januwale. Chuti ca Ogasiti ndico coopsa koposa, pakuti ndi nthawi ya mbuzi zongoyendayenda ndi moto wolusa. Musanatseke, limani mzere wopanda udzu kuzungulira mpanda, konzani mpandawo, ndipo gwirizanani ndi makolo za othirira. M'mera mpoyamba: mbande 20 zosamalidwa zimaposa 200 zosiyidwa.

Ena adzadandaula kuti malo osaseseredwa ndi uve ndipo aitana njoka. Dandaulo limeneli lili ndi maziko. Ikani malowo kutali ndi makalasi ndi zimbudzi, lambulani tinjira toyendamo, ndipo ana asapise manja m'maenje kapena pansi pa zipika. Popeza Chikwa ali m'dera la njovu ndi nyama zina, ana asapite okha kuthengo kukatola njere; tolani pafupi ndi midzi, masana, pali wamkulu. Asalawe cipatso, tsamba kapena khungwa limene wamkulu sanavomereze.

Potsiriza, nchitoyi isasanduke cibalo. Mwana amene amatumidwa kukathirira mitengo cifukwa wacedwa kusukulu amaphunzira kudana ndi mitengo. Ngati pasukulupo pali kalabu ya Chongololo, imodzi mwa makalabu osamalira cilengedwe amene akhala m'masukulu a m'Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1970, gwirani nayo nchito. Sunganinso buku limodzi la sukulu lolembamo mapu, maina ndi miyeso yonse, kuti mukadzasamutsidwa, wolowa m'malo mwanu adzapitirize pamene mwasiyira. Mlambe wobzalidwa lero udzapimidwa ndi ana a ana amene mukuwaphunzitsa.

9.11 Zocita

1. Lembani maina a mitengo yacilengedwe 15 ya kwanu pamodzi ndi zipatso zake. Isanjeni m'magulu a maina, ndipo fotokozani amene satsata lamulo la mu 9.5.

2. M'magulu a anthu anai, yesani kameredwe ka njere za mlambe potsata njira ya mu 9.7. Lembani lipoti lanu m'Cinyanja.

3. Konzani phunziro la mphindi 30 la Giredi 3 lophunzitsa afotokozi pogwiritsa nchito masamba a mitengo isanu.

4. Mwatumizidwa kusukulu kumene ana salankhula Cinyanja kunyumba, ndipo inu simudziwa cinenero cao. Fotokozani m'mene mungayendetsere gawo la kusonkhanitsa maina.

5. Kholo lina labwera kudzadandaula kuti mwana wake anabwera kusukulu kudzaphunzira, osati kudzalera zitsa. Lembani zimene mungaliyankhe, mwaulemu, m'mau osapitirira 150.